Camaro ya 1969 ikulira kenako n'kuzima: tiyambire pati?

Wa ku Joni: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Mu galaja muli Chevrolet Camaro ya 1969, injini ya 350 V8, kabureta ya Rochester Quadrajet, giyabokosi ya otomatiki TH350. Yakhala itaimikidwa zaka pafupifupi zinayi. Isanabwere kuno wina anatsukako kabureta n'kuikapo gasiketi yatsopano, ndipo distributa ya mapointi inachotsedwa kalekale, pali HEI, distributa ya GM yopanda mapointi ija, yokhala ndi koilo pamwamba pa kapu. M'mawa pa choki imalira bwinobwino, koma choki ikangotseguka idling imayamba kunjenjemera mpaka kuzima, pokhapokha phazi likhale pa pedulo. Mukaika pa D ndiye basi, yazima pomwepo. Chachiwiri, mukaigwirira ndi phazi mpaka itenthe, pakatha mphindi 15 kapena 20 imangodula yokha ngati wina wapotoza kiyi, ndipo silira mpaka ipume theka la ola. Mapulagi ndi atsopano, batire ili bwino, petulo wakale tinakhuthula n'kuthiramo watsopano wa 95 octane.

Mnyamata wa ku Ndirande: Achimwene, Quadrajet ndi mutu wopweteka. Chotsani muike Edelbrock kapena Holley, nkhani ithe. Kuzima ikatentha kumeneko ndi petulo akuwira mu paipi.

Madala a ku Limbe: Mwana wanga, kabureta yatsopano sizimitsa vuto lomwe simunalipeze, ingodya ndalama za mwini galimoto. Komanso Quadrajet ili ndi makhosi aang'ono awiri kutsogolo ndi akuluakulu awiri kumbuyo, ndipo manifold yake inaumbidwa motero. Edelbrock ndi Holley zambiri makhosi ake sagwirizana ndi mabowo amenewo, mudzafuna adaputa, ndipo adaputa ndi malo enanso oba mpweya.

A ku Joni, apa pali matenda awiri osiyana, musawaphatikize. Kukana idling ndi kwina, kudula ikatentha ndi kwinanso. Yambani ndi kudulako, chifukwa simungatchune kabureta pa injini yosatha kulira theka la ola. Umboni umakhalapo nthawi yomwe yazimayo, ikazizira wathawa. Ndiye konzekerani isanazime: chotsani air cleaner, tochi ikhale m'manja, spark tester ikhale pafupi. Ikangodula, zimitsani kiyi, tsegulani choki ndi chala, muunike m'makhosi aang'ono aja kwinaku mukukoka throttle kamodzi mpaka kumapeto. Mukuyenera kuona timizere tiwiri ta petulo tikulavulidwa mwamphamvu. Tikatuluka, m'mbale ya kabureta muli petulo ndipo nkhani ya kuwira mu paipi yagwa. Kenako lumikizani tester pa waya wa pulagi, wina apotoze kiyi.

Mundiuzenso mmene imafera. Ya njala ya petulo imayamba yatsokomola, kukwera pang'ono, kutsika, kenako n'kufooka. Ya kusowa moto wa pa mapulagi imagwa ngati yadulidwa ndi chikwanje.

Achemwali a Magetsi, Kanengo: Ndionjezere pa mawu a madala. Pa HEI musayese moto pozula waya wa pulagi n'kuugwira m'malere. Moto wake ndi waukulu, ukasowa kolumphira umaboola rota pakati kapena kupweteka koilo. Tester ikhale yeniyeni ya HEI, yomata ku bodi ya injini. Njira ina yosavuta ndi timing light: imateni pa waya wa pulagi iliyonse, mangani trigger ndi tepi, muziyang'ana. Kuwala kukasiya injini isanaime, ndi moto. Kukapitiriza kuthwanima mpaka injini itaimiratu, kafufuzeni ku petulo.

Koma ndili ndi funso limodzi, achimwene. Waya wolowa pa BAT, polowera magetsi pa HEI, ukuchokera kuti, ndipo ndi wotani? Ngati ndi wokutidwa ndi kansalu, wolimba ngati waya wa msampha, ndaona kale kolowera.

Wa ku Joni: Ndayesa. Yadula patatha mphindi 17. Timizere ta petulo tilipo tonse tiwiri, tamphamvu. Timing light inasiya kuwala injini ikadazungulira, ndipo pa tester palibe moto ngakhale pang'ono. Patatha mphindi 25 moto wabwerera wokha. Achemwali mwalasa, waya wake ndi wansalu, walumikizidwa ndi wina wachikasu. Koma ndapima ndi mita kiyi ili on, ukupereka mavolti 12.4. Ndiye si uli bwino?

Achemwali a Magetsi, Kanengo: Pamenepo ndi pomwe ambiri amagwera. Wayawo si waya wamba, ndi resistance wire. Chevrolet za nthawi imeneyo zinalibe ballast resistor yoyera ija mumaiona pa firewall ya Dodge ndi Plymouth. Iwo anaibisa mu waya womwewo, wochokera pa bulkhead connector kuseri kwa bokosi la mafyuzi kukafika pa koilo. Ntchito yake inali kutsitsa magetsi kuti mapointi asapse. Wachikasuyo amachokera pa R ya solenoid ya sitata, ndipo amapereka magetsi athunthu pa nthawi yoliza yokha.

Resistance imatsitsa mavolti pokhapokha magetsi akuyenda. Kiyi ili on injini italeka, module ya HEI, kabokosi koyatsa ndi kudula magetsi a koilo, siikoka kanthu, ndiye mita imakuonetsani mavolti a batire, n'kukunamizani. Pimani injini ikulira, waya wofiira wa mita pa BAT, wakuda pa negative ya batire. Mufanizire ndi zomwe batire ikuonetsa nthawi yomweyo. Kusiyana kusapitirire theka la volti, mwina imodzi. HEI inabwera pa magalimoto onse a GM mu 1975, ndipo inapangidwa kuti izidya magetsi athunthu a alternator.

Wa ku Joni: Batire 14.1, pa BAT 9.3. Ndikakweza ma rev ikutsikanso.

Achemwali a Magetsi, Kanengo: Ndi zimenezo. Kukonza kwake kulipo kuwiri. Koyamba ndi kumasula bulkhead connector, kutulutsa terminal ya waya wansalu uja, n'kuikapo waya wa kopa wa 12 gauge, womwe ndi pafupifupi 3 mm², mpaka pa BAT. Musadule pakati n'kulumikiza, chifukwa resistance ili mu utali wonse wa waya, chidutswa chotsalacho chidzakubabe magetsi. Mukatero yesani ndi test lamp kuti magetsi alipo kiyi ili pa on komanso pamene sitata ikuzungulira. Mukalumikiza pa waya wa wailesi kapena wa ma wiper, umenewo umafa poliza, galimoto siidzalira.

Kwina ndi relay: 30 ku batire kudzera pa fyuzi, 87 ku BAT, 85 ku bodi, 86 pa waya wakale uja. Imagwira bwino, koma ili ndi khalidwe limodzi. Nthawi zina mukazimitsa kiyi injini imapitiriza kulira, chifukwa timagetsi tochepa tobwerera kuchokera ku alternator kudzera pa nyale ya chaji timakwanira kugwira relay. Mankhwala ake ndi diode pa waya wa nyaleyo. Ine ndingasankhe waya watsopano, zolumikiza zimachepa.

Musaime pa waya pokha. Magetsi ochepa amapereka moto wofooka, koma kudula kotheratu n'kubwerera ikazizira kumaloza mkati mwa distributa. Chotsani kapu ndi rota, muone izi. Module ili ndi mapini anayi, W ndi G mbali ya pickup (kakoilo kouza module nthawi yotulutsa moto), B ndi C mbali ya koilo. Imasuleni muone pansi pake. Pamayenera kukhala phala loyera lochotsa kutentha, longa lomwe amapaka pa processor ya kompyuta. Likauma kapena wina atapakapo girisi wamba, module imaphika, kudula, kuzizira, n'kudzukanso. Pickup coil muipime itazulidwa pa module: pakati pa waya woyera ndi wobiriwira pakhale ma ohm 500 mpaka 1,500, ndipo pakati pa waya uliwonse ndi bodi ya distributa pasadutse kanthu. Koilo, primary ikhale yosafika ohm imodzi, secondary pakati pa 6,000 ndi 30,000. Pansi pa koilo pali kachitsulo ka earth kolowa pa terminal yapakati, anthu amakaiwala posintha kapu. Ndipo waya wa pa TACH muuzule kaye poyesa, rev counter yakale ikashota imapha moto.

Wa ku Chipata: Pa pickup paja musangopima itakhala phee. Tiwaya tiwiri timeneto timapindika nthawi iliyonse vacuum advance, kachitini ka pambali pa distributa kosuntha timing, ikakoka mbale, zaka ndi zaka, mpaka kopa amaduka mkati chikopa chakunja chili chabwinobwino. Siyani mita ili yolumikiza, yamwani paipi ya vacuum advance ndi pampu yapamanja, mubwereze kangapo, muzigwedezanso tiwayato ndi chala. Nambala ikangophethira, pickup yatha. Mita yasingano imaonetsa bwino kuposa ya manambala. Ngati muli ndi heat gun kapena chowumitsira tsitsi, itenthetseni pang'ono mukupima.

Wa ku Joni: Pansi pa module mpouma gwa, pangotsala fumbi loyera. Pickup ikupereka 810 itakhala, koma ndikayamwa vacuum singano ikugwa n'kubwerera. Koilo ili bwino. Ndapezanso kuti ma weight a pansi pa rota achita dzimbiri, ndikapotoza rota sikubwerera yokha.

Madala a ku Limbe: Ndiye distributa ituluke, pickup siisinthika ili pa injini. Musanaizule zunguzani injini mpaka silinda 1 ifike pamwamba pa compression. Silinda 1 ndi yakutsogolo kumanzere mukakhala pa mpando woyendetsa. Lembani chizindikiro pomwe rota yaloza, china pa bodi ya distributa ndi manifold. Pozula rota imatembenuka pang'ono chifukwa mano a giya ndi opendekera, lembaninso pomwe yathera, pobwezera mudzayambira pamenepo. Pa benchi khomani roll pin ya giya yapansi, koma onani kaye kadontho kali pa giyayo: kamayang'ana mbali imodzi ndi nsonga ya rota, ndipo kabwerere momwemo. Shafti ikakana kutuluka ndi utomoni wa oyilo wakale, tsukani, musamenye ndi hamala. Pickup imagwidwa ndi ka ring kopyapyala pamwamba.

Ma weight atsukeni ndi sandpaper yosalala, kadontho ka girisi pa mapini, ma spring akhale onse awiri. Ma weight omata amapangitsa timing kusabwerera pansi mukachotsa phazi, ndiye idling lero ili apa, mawa ili apo. Pobwezera, distributa ikakana kukhala pansi ndi shafti ya pampu ya oyilo yomwe sinalowe m'malo, itembenuzeni ndi screwdriver yaitali, musakakamize ndi bawuti ya clamp. Mawaya a mapulagi: 1-8-4-3-6-5-7-2, rota imazungulira ngati wotchi. Wa 5 ndi wa 7 asagonerane, chifukwa masilinda amenewa ndi oyandikana ndipo amaphulika motsatana, moto umatha kulumphira kwa mnzake. Gap ya mapulagi pa mapointi inali 0.035 ya inchi, pa HEI mutha kufika 0.045.

Wa ku Joni: Zonse zachitika: waya watsopano, pickup, module ndi phala lake. Pa BAT tsopano 13.9. Yalira mphindi 50 osadula. Koma idling ikadali yomweija, popanda phazi siikhala. Ndakweza screw ya idling mpaka ikukhala pa 1,100, pa D ikuzimabe. Vacuum gauge pa manifold ikuonetsa mainchesi 9, singano ikuyendayenda.

Mnyamata wa ku Ndirande: Mainchesi 9? Buku limati 17 mpaka 21. Injini imeneyo yatha, mavalavu apsa kapena ma ring.

Madala a ku Limbe: Buku limenelo analembera galimoto ili m'mbali mwa nyanja yamchere. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo gauge imataya pafupifupi inchi imodzi pa mamita 300 aliwonse. Ndiye kumeneko injini yabwino ya cam wamba ikupatsani 11 mpaka 15. Ngakhale kuno ku Blantyre ndi ku Lilongwe, komwe tili pa mamita 1,000 ndi kanthu, muzichotserapo zitatu. Chimodzimodzi compression tester, kumtunda imawerenga motsika, chofunika n'chakuti masilinda onse asanu ndi atatu asasiyane kupitirira 10 peresenti. Komabe 9 ndi yotsika, ndipo singano yoyendayenda pang'onopang'ono imanena za kusakaniza kolakwika kapena mpweya wakuba. Valavu yopsa imagwetsa singano mofanana nthawi iliyonse silinda yake ikafika, ngati kugunda kwa mtima.

A ku Joni, bwezani screw ya idling ija. Mukaikweza motero mbale za throttle zimatseguka kudutsa timipata ta transition, injini n'kuyamba kukoka petulo ku main, ndipo ma screw a mixture amasanduka zokongoletsa. Yesani izi motsatana. Injini ikulira, tsekani choki pang'onopang'ono ndi chala. Ma rev akakwera ndi kusalala, ikulandira mpweya wochuluka kuposa petulo. Kenako lowetsani screw ya mixture imodzi mpaka ikhudze, mosakakamiza. Injini yabwino imafuna kuzima. Ikapanda kusintha, mbali imeneyo siikugwira. Muonenso ndi kagalasi ngati petulo akudontha m'makhosi aang'ono pa idling. Ndati kagalasi, nkhope isakhale pamwamba pa kabureta injini ikulira, ikabwezera moto nsidze zimapita.

Wa ku Chipata: Mpweya wakuba muusake potseka mapaipi imodziimodzi ndi pulayala yosalala. Yaikulu ya brake booster poyamba, pamodzi ndi check valve yake. Kenako ya PCV, valavu yoyamwa nthunzi za mu injini, yochokera pa valve cover kulowa kutsogolo kwa kabureta: igwedezeni valavuyo, izilira ngati kanjere m'chitini. Pa TH350 pali paipi yachitsulo yotsikira ku modulator kumbuyo kwa giyabokosi, ili ndi timapaipi tamphira kumapeto onse awiri, timeneti timang'aluka. Mukazula n'kupeza mafuta ofiira mkati, diaphragm ya modulator yabooka ndipo injini ikumwa ATF, mafuta a giyabokosi. Pomaliza gwirani shafti ya throttle yakutsogolo muigwedeze m'mwamba ndi pansi. Pa Quadrajet zakale bowo la shafti limakula mbali ya kebulo, ndipo mankhwala ake ndi ma bush a bronze, osati girisi. Ngati mupopera carb cleaner kuzungulira tsinde la kabureta, chozimira moto chikhale pafupi, ma manifold a utsi ali pomwepo.

Wa ku Joni: Choki ndikatseka theka ma rev akukwera. Screw yakumanja ikusintha pang'ono, yakumanzere palibe chomwe ikuchita. Mapaipi onse ali bwino, modulator ndi youma, shafti ikugwedera pang'ono chabe. Koma ndikapopera kutsogolo kwa tsinde la kabureta injini ikusintha kulira, ndipo pamenepo pali mwaye wakuda. Tsindelo likutentha moti simungaligwire.

Madala a ku Limbe: Mwaye pa tsinde la kabureta! Nyamulani kabureta imeneyo muone manifold. Mupeza ngalande yopindika kutsogolo kwa mabowo aang'ono awiri, yokhala ndi bowo kumapeto onse awiri. Chevrolet anaika ngalande imeneyi pa manifold za Quadrajet mpaka 1969. Imatenga utsi wa ekizozi kuudutsa pansi pa kabureta kuti itenthe msanga m'nyengo ya chisanu ya ku America. Kuti utsiwo usakhudze kabureta, pamafunika zinthu ziwiri: gasiketi yopirira moto yokhala ndi maonekedwe a ngalandeyo imagona pa manifold, pamwamba pake kachitsulo kopyapyala ka stainless, kenako kabureta. Mu kit ya kabureta mumabwera magasiketi angapo a zaka zosiyana. Munthu akatola yokhuthala ya 1970 kupita m'tsogolo, n'kutaya kachitsulo kaja poganiza kuti n'kachabe, ngalande imatsala yosatsekeka bwino. Utsi umalowa m'makhosi, mpweya wakunja umalowanso, gasiketi imapsa. Injini pa idling imapuma pang'ono kwambiri, ndiye utsi wochepa womwewo umakwanira kuizimitsa. Pa ma rev okwera simungazindikire, n'chifukwa chake phazi likakhala pa pedulo imalira.

Wa ku Joni: Madala, ndi momwemo. Kachitsulo kulibe, gasiketi yapserera kutsogolo konse, ngalande yadzaza mwaye. Pansi pa kabureta padyeka pang'ono koma sipanabooke.

Madala a ku Limbe: Ikani rula yachitsulo pa tsindelo muone ngati lili lowongoka. Ngati ndi zipsera chabe, lipereseni pa sandpaper yomata pa galasi. Za ngalande, kumene mulikoko kulibe chisanu chofuna zimenezo. Dulani ulusi m'mabowo awiri aja n'kutsekamo mapulagi achitsulo, mutatseka makhosi a manifold ndi nsanza kuti tizitsulo tisagweremo. Choki siivutika, koilo yake ili m'kachitsime kake pambali pa manifold ndipo imatenthedwa ndi njira ina ya utsi yodutsa pansi. Ngakhale mwatseka, bwezeranibe gasiketi yoyenera ndi kachitsulo kake, chifukwa ngalande ikadalipo ndipo gasiketi yolakwika idzabanso mpweya. Mabawuti awiri aatali akutsogolo amadutsa mu kabureta yonse, mukawakoka ngati a gudumu chivundikiro chimapindika. Mangani mopingasa, pang'onopang'ono, ndi sipanala yaifupi.

Muonenso heat riser pa manifold ya utsi yakumanja, kavalavu kokhala ndi chitsulo cholemera ndi spring. Injini itazizira kazitembenuka ndi dzanja. Pa galimoto yokhala zaka zinayi kamamatira kotseka, n'kumakankhira utsi wa mbali yonseyo kudutsa pansi pa kabureta tsiku lonse. Kakakana kumasuka, kamangeni kotsegula ndi waya.

Popeza kabureta ili pa benchi, screw yakumanzere ija sinayankhe, ndipo gasiketi yokha siingafotokoze zimenezo. Amene anatsuka uja anatsuka zooneka. Quadrajet ili ndi ma idle tube awiri okhomeredwa m'thupi lake, kabowo kake kapansi n'kosafika milimita imodzi, ndipo petulo akauma amasiya utomoni pomwepo. Kuviika ndi kupopera mpweya nthawi zambiri sikutsegula. Pisani kawaya kopyapyala kofewa kuchokera pamwamba mpaka kadutse, osati drill, mukakuza bowo mwasintha kabureta. Kenako popani carb cleaner pa bowo la screw ya mixture muone ngati ikutulukira mofanana mbali zonse ziwiri.

Achemwali a Magetsi, Kanengo: Float, choyandama cha m'mbale ya petulo, nayo muione, madala asaiwale. Yakuda ija imamwa petulo ikakalamba, n'kulemera, ndipo mbale imasefukira. Ndi yotchipa, ingosinthani, mulingo wake mutenge pa pepala la mu kit molingana ndi nambala yodindidwa pa thupi la kabureta. Fyuluta ili mkati mwa nati yaikulu polowera petulo, kumbuyo kwake kuli spring. Gwirani natiyo ndi sipanala ya inchi imodzi pomasula paipi ndi ya 5/8, chifukwa ulusi wa m'thupi la kabureta ndi wofewa, ukapululuka mwagula ntchito ina. Mukadzaza mbale ndi petulo pa benchi n'kuisiya usiku pa pepala, mudzadziwa ngati timapulagi totseka pansi pa ma well, zitsime za petulo za m'kabureta, tikudontha.

Wa ku Chipata: Ndipo ngakhale timizere tinatuluka, galimoto yokhala zaka zinayi ipimidwe pampu isanapite pa msewu. Pa idling imamwa pang'ono, vuto la thanki limadzaonekera pa chitunda. Gauge yolumikizidwa pa paipi ya petulo ndi cholumikizira cha T pafupi ndi kabureta ionetse 5 mpaka 6.5 psi, ndipo paipi mukailozetsa m'botolo ipereke pafupifupi theka la lita pa masekondi 30. Ikaperewera musathamangire pampu: kasefa ka mu thanki pa sender kamatsekeka ndi dzimbiri, ndipo kapaipi kamphira ka pamwamba pa thanki kakang'aluka pampu imayamwa mpweya osadontha kanthu pansi. Nunkhizaninso dipstick. Fungo la petulo mu oyilo ndi diaphragm ya pampu. Kwa anzathu a ku Malawi, petulo wanu amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndiye pa galimoto iliyonse ya kabureta mapaipi amphira akhale olembedwa J30R9, ndipo kachikho ka accelerator pump kakhale kopirira ethanol.

Wa ku Joni: Idle tube yakumanzere inali yotsekeka ndithu. Mabowo a ngalande ndatseka, gasiketi ndi kachitsulo zalowa, float yatsopano, heat riser inamatira theka ndaimasula. Pampu 6 psi, botolo ladzaza bwino. Tsopano ikukhala yokha popanda phazi, vacuum 13. Nditchune bwanji kuti ndisasokonezenso?

Madala a ku Limbe: Timing poyamba, kabureta pambuyo. Koma musanakhulupirire chizindikiro cha pa damper, gudumu lija la kutsogolo kwa crank, chitsimikizeni. Chitsulo chakunja cha damper chimagwidwa ndi mphira, ndipo pa zaka zimenezi chimatha kuterereka. Ikani piston stop pa bowo la pulagi 1, zunguzani ndi dzanja mpaka pisitoni igunde, lembani, bwererani mbali inayo mpaka igundenso, lembani. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndiye TDC yeniyeni, pomwe pisitoni yafika pamwamba penipeni. Pomwepo yesani tcheni cha timing: kapu itachotsedwa, tembenuzani crank kutsogolo kenako kumbuyo, muwerenge madigiri odutsa rota isanayambe kusuntha. Akapitirira 8 kapena 10, tcheni chatha. Injini zimenezi zinkatuluka ndi giya ya cam ya mano a nayiloni, ndipo manowo akathothoka amakathera pa sefa ya pampu ya oyilo.

Injini itatentha, zulani paipi ya vacuum advance n'kuitseka. Ikani madigiri 10 mpaka 12 isanafike TDC pa idling, kenako kwezani ma rev mpaka timing isiye kukwera, isapitirire 34 mpaka 36. HEI zambiri zinachokera pa magalimoto a zaka za malamulo a utsi, ma spring ake ndi olimba, ndiye mwina muona ikukwerabe kupitirira 3,000. Nambala yapamwambayo ndiyo yolamula, yapansi itsatire. Kenako ma screw a mixture: yambani pa matembenuzidwe atatu kuchokera pokhudza, muzisuntha kotala mbali zonse mofanana, kufuna vacuum yokwera kwambiri pa gauge, ndipo ma rev akakwera muziwatsitsa ndi screw ya idling. Kumaliza kwake ndi pa D, matayala otsekedwa ndi mitengo, munthu ali pa buleki, pafupifupi 600.

Achemwali a Magetsi, Kanengo: Pobwezera paipi ya vacuum advance pali kamsampha kena ka kumtunda. Mukailumikiza ku manifold vacuum idling imasalala ndipo injini imazizira bwino, koma kachitini kake kayenera kukhala katakokeratu pa vacuum yomwe injini ikupereka pa D. Zitini zambiri za HEI zimafuna mainchesi 15 kapena kuposa kuti zikoke zonse. Inu muli ndi 13, pa D itsikanso. Zikatero kachitini kamakhala pakatikati: ma rev akatsika vacuum imatsika, timing imabwerera, ma rev amatsikanso, mpaka kuzima pa roboti. Pimani ndi pampu yapamanja kuti kakumaliza kukoka pa mainchesi angati. Nambalayo ikhale yotsika ndi mainchesi awiri kuyerekeza ndi vacuum ya pa D. Ikakhala yokwera, sinthani kachitini kapena lumikizani pa ported, kabowo ka pa kabureta komwe sikayamwa pa idling.

Wa ku Joni: Damper ili pamalo, tcheni madigiri 5. Timing 12 pansi, 34 pamwamba. Ma screw athera pa matembenuzidwe awiri ndi theka, onse akuyankha. Kachitini kakumaliza pa 16, ndiye ndalumikiza pa ported kaye podikira kena. Pa P 750, pa D 600, vacuum 14 ndi 12, singano ili phee. Yayenda makilomita 30, kuima pa maroboti, kuizimitsa ili yotentha n'kuilizanso, osavuta.

Madala a ku Limbe: Chatsala ndi choki. Mawa m'mawa isanalire, pondani pedulo kamodzi muone ngati mbale yatseka yonse. Ikangolira, vacuum break, kachitini ka pambali pa kabureta, ikoke mbaleyo itseguke kampata ka mamilimita 5 kapena 6, apo ayi idzatsamwa ndi petulo n'kudetsa mapulagi atsopanowo. Ikatentha ndi kuzizira kawiri, bwererani pa mabawuti anayi a kabureta, gasiketi yatsopano imaphwa. Oyilo musinthenso, walandira petulo wambiri masiku onse munkaipopa ndi phazi aja.